Mutu wa Nkhani Uli Pakhomo Panu

Ophunzira ofuna malo m'makoleji a ku America amalembetsa kupyolera mu Common Application, imene ilandiridwa ndi makoleji oposa 1,000. Pamenepo afunika kulemba nkhani ya moyo wao, ya mau 250 kufikira 650. Ambiri amasowa mutu, natengera za anzao. Koma osankha amawerenga nkhani zikwizikwi, ndipo yobwereka sacedwa kuizindikira.

Mwana wa kumudzi asadzicepetse. Kuweta ng'ombe m'caka ca cilala, kulemba mawerengero a kalabu ya amai, kutsutsana ndi wogula thonje pa sikelo: imeneyi ndiyo mitu. Asankhe cinthu cimodzi cimene anacita yekha, afotokoze mmene cinasinthira maganizo ake. Inu makolo, mukumbutseni zakale, koma alembe yekha.