CIFUKWA CACE MAKINA A MRI AMACITA PHOKOSO

M'zipatala zina zazikulu muli makina ojambula za m'kati mwa thupi la munthu osamng'amba, ndipo dzina lace ndi MRI. Wodwala amamgoneka pa kabedi kamene kamalowa m'cibowo conga ca mgolo wogoneka cam'mbali. Akangolowa, makinawo amayamba kugogoda ndi kukhoma ngati mmisiri wosula makasu, ndipo amatero kwa mphindi 20 kapena kufikira ola lathunthu. Odwala ambiri amacita mantha, nayesa kuti makina aonongeka. Iai, sanaonongeke. Phokosolo ndilo cizindikiro cakuti nchito iri kuyenda.

Coyamba kudziwa ndi cakuti mgolo uja ndi maginito wamkulu kopambana. Mphamvu ya maginito amaiyesa ndi muyeso wochedwa tesla, ndipo makina ambiri ali ndi tesla 1.5 kapena 3. Tesla 1.5 iposa mphamvu ya dziko lapansi, ija imatembenuza singano ya kampasi, pafupifupi ka 30,000. Tsono thupi la munthu ndi madzi koposa theka, ndipo m'madzi muli tinthu tating'onoting'ono ta hydrogen timene timakhala ngati timaginito. Maginito wamkulu amatifoletsa kuyang'ana mbali imodzi. Makina amatigwedeza ndi mafunde a wailesi, ndipo pobwerera m'malo mwace timabweza mafunde ofooka amene kompyuta imasandutsa cithunzi. Zonsezi sizimveka m'makutu. Maginito wamkuluyo ali cete.

Phokoso limacokera kwina. Makina ayenera kudziwa kuti mafunde awa acokera pa khosi ndipo awo acokera pa mphumi, apo ai cithunzi sicingatheke. Njira yace anaionetsa Paul Lauterbur wa ku America m'caka ca 1973: kusintha pang'ono mphamvu ya maginito kuti ikhale yosiyana malo ndi malo. Ziri monga bangwe. Cingwe ciri conse ciri ndi liu lace, kotero womva bwino amadziwa cingwe cimene cakhudzidwa ngakhale atatsinzina. Momwemonso mbali iri yonse ya thupi imayankha ndi mafunde aceace. Nchito yosintha mphamvuyi imagwiridwa ndi nkhata zitatu za waya zoikidwa m'khoma la mgolo: ina yoyeza kucokera kumutu kunka kumapazi, ina kucokera kumanja kunka kumanzere, ndi ina kucokera kumimba kunka kumsana.

Nkhata zimenezi ndizo zolongolola. Waya ali yense amene muli kuyenda magetsi, akakhala pafupi ndi maginito, amakankhidwa. Magetsi akatembenuka, amakankhidwira mbali ina. Aphunzitsi angathe kuonetsa ana zimenezi ndi batire, kawaya kopyapyala ndi maginito wamng'ono, ndipo ana adzaona kawayako kakudumpha. Koma m'makina a MRI magetsi ace ndi amphamvu zedi, mazana a ma ampere, ndipo amayatsidwa ndi kuzimitsidwa kambirimbiri pa sekondi imodzi, zonsezi m'kati mwa maginito woopsa uja. Nkhatazo anazimata zolimba kuti zisacoke m'malo, koma sizileka kunjenjemera. Zimagwedeza khoma limene zagwirako, khomalo ligwedeza mpweya, ndipo mgolo wonse ulira ngati ng'oma, wodwala ali m'kati mwa ng'omayo. Wailesi ya m'nyumba imalankhula mwa njira yomweyo, pakuti m'menemo mulinso maginito ndi kankhata ka waya kogwedeza pepala. Kusiyana kwace n'kwakuti ya MRI palibe anaiphunzitsa kuyimba.

Maliridwe amasinthasintha, nthawi zina kugogoda pang'onopang'ono, nthawi zina kulira kosalekeza, cifukwa cithunzi ca mtundu uli wonse ciri ndi kayatsidwe kace ka magetsi. Kawirikawiri kujambula kofulumira ndiko kosokosa kwambiri. Njira ina yacangu koposa anaipeza Peter Mansfield wa ku Nottingham m'caka ca 1977, ndipo iye ndi Lauterbur analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2003.

Phokosoli si loseweretsa. Kukula kwa phokoso amakuyesa ndi ma decibel. Anthu awiri akamaceza amafika ngati pa 60, koma makina amphamvu amapitirira 100, monga kuima m'cigayo kapena kuposa. N'cifukwa cace acipatala amapatsa wodwala zotseka m'makutu, ndipo munthu wanzeru sazikana. Zikasunthika, kapena mantha akakula, wodwala afinye kampira kamene amampatsa m'dzanja ndipo wojambula adzamva. Cosafunika ndico kudzidzimuka ndi kutembenuka, pakuti munthu akasuntha cithunzi cimaonongeka ndipo ayenera kupirira phokosolo kaciwiri.

Cimene anthu ayenera kuopa kweni-kweni ndi maginito wacete uja. Iye sazimitsidwa, usana ndi usiku, ngakhale m'cipinda mulibe wodwala. M'makina ambiri mawaya ace amawaziziritsa ndi helium yamadzimadzi kufikira madigiri 269 pansi pa ziro, ndipo kaliu kosaleka kamene kamamveka ngakhale makina asakujambula ndi ka pampu yoziziritsayo. Makiyi, lumo, zopanira tsitsi, ngakhale mpando wacitsulo, amazikoka ndi liwiro lotha kupha munthu. Kotero ali yense amene ali ndi citsulo m'thupi, kaya kacidutswa kanalowa m'diso posula, kaya kamakina kothandiza mtima kugunda, anene kwa dotolo asanalowe.

Ku Blantyre, m'caka ca 2008, makina a MRI anaikidwa pa cipatala ca Queen Elizabeth kuti athandize pofufuza malungo ogwira ubongo mwa ana. Maginito wace anali wa tesla 0.35, ndipo maginito akacepa mphamvu nkhata zija sizikankhidwa kwambiri, kotero phokoso limacepanso. Ndi makinawo madotolo anaona, nalengeza m'caka ca 2015, kuti ana ambiri omwalira ndi nthendayi ubongo wao umatupa kwambiri kufikira mpweya utaleka.