Kukonzanso Malo Omwera Moŵa Pakhomo

Lero tikulankhula kuchokera ku Mwanza, pa mseu wopita ku Zóbuè ndi ku Tete. Anzathu amene amayenda maiko akunja amaona moŵa ukutuluka pa mpopi ngati madzi, ndipo ena akabwerako amafuna kukonzanso khonde kapena chipinda cha pakhomo pawo kuti chikhale chotero. Musanagule matabwa ndi penti, mverani zimene ntchitoyi imafuna.

Moŵa wa pampopi ndi wofanana ndi uja wa m'botolo, umene fakitale ya Carlsberg idayamba kufulula ku Blantyre m'chaka cha 1968. Kusiyana kwake nkwakuti uwu umakhala mu mgolo wachitsulo wotseka. Mpweya wa kaboni dayokosaidi wochokera mu silinda ndiwo umaukankha m'kapaipi kufikira pa mpopi. Mgolowo uyenera kukhala m'firiji yozizira madigiri 3 kapena 4. Moŵa ukafunda, mpweya uja umathaŵamo, ndipo m'tambula mumangodzaza thovu. Motero ngati kwanu magetsi amathimathima, yambani mwaganizira zimenezi.

Pokonza chipindacho, ikani firiji pafupi ndi mpopi kuti kapaipi kasatalike. Silinda muimange choimirira kuti isagwe, pamalo popita mphepo. Pakhalenso sinki ndi ngalande yotulutsa madzi otsukira, chifukwa moŵa wotayikira pa matabwa umaitana ntchentche ndi nkhungu. Chachikulu ndi ichi: kapaipi ndi mpopi zitsukidwe masabata aŵiri aliwonse ndi mankhwala ake otsukira, kenako muzitsukuluze ndi madzi ambiri. Mukanyozera, tizilombo tosaoneka ndi maso timaswana m'katimo, moŵa nkusasa.

Kodi masese athu angadutse pa mpopi wotere? Ayi. Masese ndi olimba, amatseka kapaipi kakang'ono, ndiponso amakhala akadali kuŵira, kotero safuna chotengera chotsekeratu. Malo ake ndi mbiya ndi chipanda. Koma lamulo la ukhondo ndi lomweli, ndipo anansi athu a ku Mozambique adaona zoŵaŵa pa nkhani imeneyi. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete, anthu 75 adamwalira atamwa phombe pa mwambo wa maliro. Ambiri adaganiza kuti wina adathiramo ndulu ya ng'ona, koma akatswiri atapima adapeza kuti poizoni adachokera ku tizilombo tomera mu ufa wa chimanga umene udanyowa nkuwonongeka. Poizoni wotere satha ngakhale muŵiritse phala.

Chifukwa chake, amayi ofulula, pokonzanso malo anu yambani ndi denga losadontha ndi thandala losungirapo ufa ndi chimera pouma. Ufa wonyowa kapena wochita nkhungu utayeni. Mgolo umene mudali mafuta kapena mankhwala a mbewu musafululiremo. Mbiya ikatha moŵa itsukidwe ndi madzi otentha, iume padzuŵa.

Potsiriza, kumbukirani kuti kumwa ndi alendo pakhomo ndi kwina, kugulitsa ndi kwinanso. Wofuna kugulitsa akatenge chiphaso ku khonsolo ya boma lake, ndipo ana asayandikire pamalopo. Mlendo amene mwamupatsa chipanda waika moyo wake m'manja mwanu.