Utoto M'kaundula wa Kompyuta: Gawo Lachitatu

Sabata yatha tinaona mmene mphunzitsi angalembere maina a ana ndi malikisi awo m'timabokosi ta spreadsheet, ndi mmene makinawo amaphatikizira manambala. Lero tikambe za utoto. Ena adzati nkhani imeneyi ndi yachibwana, koma mphunzitsi wa Sitandade 8 ku Makanjira, amene ali ndi ana odzaza kalasi pamene mayeso a MANEB akuyandikira, adziŵa kuti kupeza msanga mwana wotsalira m'mbuyo si chibwana ayi.

Aphunzitsi akale anali ndi cholembera chofiira. Akafika pa mwana wolephera ankazunguliza malikisi ake, kotero kuti mphunzitsi wamkulu potsegula kaundula, diso lake linkagwera pomwepo. Kompyuta yangotola mwambo womwewo. VisiCalc, imene Dan Bricklin ndi Bob Frankston anatulutsa m'chaka cha 1979, inalibe zokongoletsa zotere. Excel ya kampani ya Microsoft inatuluka mu 1985, ndipo lero iyo pamodzi ndi LibreOffice Calc ndi Google Sheets zimalola munthu kupaka kabokosi kalikonse mtundu umene afuna.

Kachitidwe kake nkosavuta. Sankhani timabokosi timene mufuna kupaka. Mu Excel, pansi pa liwu lakuti Home, pali kachithunzi ka ndowa yopendekeka, dzina lake Fill Color. Dinani kamuvi ka pambali pake, musankhe mtundu. Mukafuna kufufuta utotowo, bwererani komweko musankhe No Fill. Pafupi ndi ndowayo pali chilembo cha A chodulidwa mzere kunsi. Chimenecho chimasintha mtundu wa zilembo zokha, ndipo ongoyamba kumene amasokoneza ziŵirizi kaŵirikaŵiri.

Koma tsono utoto wopaka ndi dzanja uli ndi vuto lalikulu: sudziŵa nambala imene ili m'kabokosimo. Mnzanga wina wophunzitsa kumbali ya kunyanja anapaka chofiira onse amene sanafike pa 40. Pambuyo pake anazindikira kuti mtsikana wina anapeza 68, koma iye polemba anaika 38. Nambalayo anaikonza, utoto anauiŵala. Mphunzitsi wamkulu anangoyang'ana kufiirako, naika dzina la mwanayo pakati pa oyenera kubwereza kalasi. Bambo wake anaitanidwa, anafika ali ndi tulo ta kunyanja m'maso, ndipo cholakwacho chinaoneka pokhapokha mwanayo atatulutsa pepala lake la mayeso. Kudera kumene mnyamata wokhumudwa ndi sukulu amakopeka ndi nyali za usipa, ndipo mtsikana akabwereza kalasi achibale amayamba kunong'ona za banja, kabokosi kofiira molakwika kangathe kuchotsa mwana pasukulu.

Mankhwala ake alipo. Kuyambira ndi Excel 97 pali njira yotchedwa Conditional Formatting, imene munthu amauza makina lamulo, makinawo napaka okha. Sankhani mzere wa malikisi, dinani Conditional Formatting, kenaka Highlight Cells Rules, ndi Less Than, mulembe 40. Tsopano mukasintha 38 kukhala 68, kufiira kumachoka nthaŵi yomweyo. Chenjerani pa zinthu ziŵiri. Kabokosi kopanda kanthu makina amakaona ngati ziro, ndiye kamafiiranso. Mwana amene anadwala malungo tsiku la mayeso mumlembere liwu lakuti "sanalembe". Chachiŵiri chikukhudza a kusekondale: pa MSCE giredi 1 ndiyo yapamwamba ndipo 9 ndiko kulephera, choncho lamulo la Less Than lingafiiritse ana anzeru. Pamenepo mufunika Equal To, mulembe 9.

Inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mukusunga mabuku a banki mkhonde kapena a amalume anu ogula nsomba padoko, njira yomweyi ikuthandizani. Ngongole yosabwezedwa ikhale yachikasu, yobwezedwa ikhale yopanda utoto. Kumbukirani kokha kuti SUM imaphatikiza manambala, siyang'ana mtundu. Mukafuna kudziŵa ndalama zonse zimene zili kwa anthu, tsegulani mzere wina wolembamo zotsala, muphatikize umenewo.

Ine mitundu yambirimbiri sindiikonda. Ndaonapo kaundula wokhala ngati chitenje cha pa Eid, mitundu isanu ndi umodzi, mwini wake yemwe osakumbukira kuti wobiriŵira unkatanthauzanji. Iŵiri kapena itatu njokwanira, ndipo ikhale yopepuka kuti zilembo zakuda zioneke. Tanthauzo la mtundu uliwonse mulilembe pamwamba pa tsamba.

Palinso nkhani ya pepala. Makina ambiri osindikizira amene tili nawo amatulutsa chakuda ndi choyera chokha, ndipo pamenepo chofiira ndi chobiriŵira zimasanduka phulusa lofanana. Nthaŵi ya dzinja, msewu wa ku Mangochi ukaonongeka, palibe amene angapite kuboma kukafuna inki ya mitundu chifukwa cha kaundula mmodzi. Komanso alipo anthu, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino mitundu iŵiri imeneyi chibadwire, ndipo ambiri sanena. Nchifukwa chake pambali pa malikisi payenera kukhala mzere wa mawu akuti "wakhoza" kapena "walephera". Mmene makina angalembere okha mawu ameneŵa, pogwiritsa ntchito IF, tidzaona sabata yamaŵa.