Nyimbo Zatsopano pa Bwalo la Loudon

Munthu amene anakhalapo pa maliro m'midzi yozinga Mzimba Boma, nachezera pa siwa kufikira tambala woyamba, adziwa kuti ikwana nthawi imene mabuku a nyimbo atsekedwa, pakuti nyali yazilala ndipo maso alema. Pamenepo mayi wina wachikulire adzutsa nyimbo yekha ndi liwu lonjenjemera, amayi anzake nayilandira, ndipo kunja kumoto abambo ayankha ndi mawu akuya onga kugunda kwa mvula yakutali. Nyimbo zotere sizinadze pa sitima kuchokera ku Scotland. Zambiri zinabadwira m'dziko lomwelino la Inkosi ya Makosi M'mbelwa, ndipo zina mwa izo zinayamba zaonekera pa bwalo la mpikisano, kumene mwini wake anazipereka kuti ziweruzidwe monga mlandu.

Mawu a Mulungu anafika kwa Angoni a kuno m'chaka cha 1882, pamene William Koyi, mlaliki wa mtundu wa Axhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale, anakhazikika pa Njuyu. Koma panapita zaka zisanu ndi zitatu asanabatizidwe anthu oyamba, ndiwo Mawelera Tembo ndi mbale wake Makara, m'chaka cha 1890. Nyimbo zoyamba zinali zotembenuzidwa kuchokera ku Chingerezi, ndipo ngakhale anthu anaziphunzira ndi khama, zinkawakhala monga malaya obwereka, othina m'khwapa. Tsono m'chaka cha 1896 kunadza m'busa wachinyamata, Donald Fraser, amene Angoni anamutcha Chisekeseke chifukwa cha nkhope yake ya nsangala, ndipo atatumikira pa Ekwendeni ndi pa Hora, anasamukira kumwera m'chaka cha 1902, ku dziko la Inkosi Mzukuzuku, namanga mishoni ya Loudon, imene lero tiitcha Embangweni.

Fraser anaona chimene anzake ambiri sanafune kuona, kuti mtundu umene unayenda kuchokera kutsidya la Zambezi uli kuimba, wokhala ndi nyimbo za nkhondo, za ukwati, za maliro ndi za ingoma, sunasowe wouphunzitsa kuimba, koma unangosowa woutsegulira khomo. Chotero analimbikitsa aphunzitsi a m'sukulu za m'midzi ndi akulu a mpingo kupeka nyimbo zawozawo, nakhazikitsa mpikisano pa misonkhano ya chaka ndi chaka, pamene nyimbo zatsopano makumi angapo zinkamveka. Zoposa zinzake zinkasankhidwa, ndipo aphunzitsi pobwerera kwawo ankazisenza m'mitima ndi kukazifesa m'midzi. Nyimbo imodzi sachezera gule, anatero akale, ndipo mpingo wa Loudon sunafune kuchezera ndi nyimbo za alendo zokha.

Tiyeni tilingalire pang'ono za mtima wa wopekayo, pakuti mwana wobadwa usiku aoneka wokongola kwa amake kufikira kutacha. Nyimbo ya Chingoni siimbidwa ndi munthu mmodzi: wotsogolera aponya mawu, khamu liwawakha ndi kuwabweza. Choncho wopeka sakanatha kubisala kuseri kwa pepala. Anayenera kuimirira pamaso pa anthu, ena a iwo madoda amene anagwirapo chishango ndi mkondo, nadzutsa nyimbo yake, ndipo ngati khamu lachedwa kuyankha, kapena layankha mwaulemu chabe monga ayankhira mkamwini wolankhula zosamveka, chiweruzo chinali chitagwa kale oweruza asanatsegule pakamwa. Ambiri ankatenga maimbidwe akale, odziwika kwa aliyense, nawaveka mawu atsopano, kotero kuti nyimbo imene kale inkaitanira amuna ku khola la inkosi inasanduka yoitanira anthu kwa Mfumu ya mafumu.

Wina angayese kuti ichi chinali chachilendo pa chipembedzo, koma Buku Lopatulika lomwe lichita umboni kuti Ayuda, eni Masalimo, anayenda njira yomweyi. Mfumu Davide anapatula Asafu, Hemani ndi Yedutuni kuti atsogolere oimba 288, ndipo masalimo 55 ali ndi mawu apamwamba owapereka kwa mkulu wa oimba. Akatswiri ambiri a Malembo ayesanso kuti mitu ina, monga wa Salimo 22, itchula nyimbo yodziwika kale imene salimolo linayenera kutsata maimbidwe ake. Ndipo mwambowo sunafe. M'chaka cha 1969 ku Israel kunayambika chikondwerero cha nyimbo za Chiyuda zotchedwa za Chihasidi, kumene opeka ankapereka nyimbo zawo ku mpikisano, koma iwo anatembenuza chimene chinkachitika pa Loudon: mawu anali akale, otengedwa m'Malembo ndi m'mapemphero, ndipo chatsopano chinali maimbidwe. Chaka choyambacho mayi wina, Nurit Hirsh, anapereka nyimbo yopempha mtendere yotchedwa Oseh Shalom. Oweruza anaiika pa malo achitatu, koma lero iimbidwa m'masunagoge a m'maiko ambiri, ndipo oimba ena ayesa kuti ndi ya makolo akalekale. Ine ndiyesa kuti palibe mphotho yoposa imeneyo kwa wopeka, kuiwalika iye mwini nyimbo yake ili pakamwa pa anthu, ngakhale ndidziwa kuti oimba a masiku ano, amene alembetsa nyimbo zawo ku bungwe la COSOMA kuti alandirepo kangachepe, sadzandiyamika pa mawu amenewa, ndipo sindiwadzudzula, pakuti wantchito ayenera kulandira mphotho yake.

Zipatso za ntchito ya Loudon zili m'buku la Sumu za Ukristu, limene Sinodi ya Livingstonia iimbira kufikira lero, mmene nyimbo zoposa 100 zili zopekedwa ndi ana a dziko lino: Mawelera Tembo uja, Peter Thole, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, awiri omalizawa ali mwa abusa atatu oyamba a Livingstonia, odzozedwa m'chaka cha 1914. Zina zinaolokanso nyanja, pakuti Tom Colvin, mmishonale wa ku Scotland, anazitembenuzira ku Chingerezi, ndipo mtundu umene unatibweretsera nyimbo unayamba kuimba zathu. Fraser anachoka m'chaka cha 1925, namwalira m'chaka cha 1933, ndipo phulusa la thupi lake linabwezedwa kudzaikidwa pa Embangweni, pakati pa anthu amene anawamvetsera.

Koma dzina limene ine ndilikumbukira koposa ndi la Charles Chinula, m'busa wa pa Loudon pomwepo, wodzozedwa m'chaka cha 1925, amene anatembenuza Ulendo wa Mkhristu wa John Bunyan m'Chitumbuka. M'chaka cha 1930 mpingo unamuchotsa pa ubusa, ndipo patapita zaka zochepa anayambitsa mpingo wakewake pa Sazu. Akuluakulu anali nayo mphamvu yofafaniza dzina lake m'kaundula wa abusa, ndipo anatero; koma nyimbo zake zinatsala m'buku, ndipo Lamulungu lililonse anthu a mpingo umene unamutulutsa ankatsegula tsamba, wotsogolera nadzutsa, khamu niliyankha.