Masewera Amene Wopambana Ndi Wodziwa Kubisala

Anzanga ambiri pasukulu pano akhala akundifunsa za masewera amene ndinasewera pa foni ya achimwene anga m'nyengo ya tchuthi. Popeza sindingathe kuyankha aliyense payekhapayekha, ndapempha a Mkonzi kuti andipatseko malo m'magazini yathu ino. Dzina la masewerawo ndi Alien: Isolation. Ali m'gulu la masewera a pa kompyuta amene anyamata amangowatchula kuti magemu, koma ndi osiyana kwambiri ndi a mpira kapena a nkhonya amene tinawazolowera. M'masewera enawo amapambana ndi munthu wa zala zaliwiro. M'masewera awa amapambana ndi iye amene adziwa kubisala, kukhala chete ndi kudikira.

Tiyambe ndi kumene anachokera. M'chaka cha 1979 kunatuluka filimu yotchedwa Alien, imene anaitsogolera ndi Ridley Scott wa ku England. Nkhani yake ndi yopeka, ya m'zaka zam'tsogolo. Chombo chonyamula katundu, dzina lake Nostromo, chinali kubwerera ku dziko lapansi kuchokera kutali m'mlengalenga, ndipo m'katimo munali anthu 7. Ali m'njira anamva chizindikiro chachilendo pa wayilesi yawo, natera pa kadziko kena kuti akaone. Pochoka kumeneko ananyamula chilombo chimene chinali chitalowa m'thupi mwa mmodzi wa iwo. Chilombocho chinatuluka, chinakula msanga, ndipo chinayamba kuwapha mmodzimmodzi. Anapulumuka ndi mayi mmodzi yekha, Ellen Ripley, pamodzi ndi mphaka. Amene anasewera mbali ya mayiyu ndi Sigourney Weaver. Maonekedwe a chilombocho anawajambula ndi mmisiri wa ku Switzerland, H. R. Giger: mutu wautali wosalala, wopanda maso ooneka, mchira wakuthwa, ndi magazi a asidi amene amaboola ngakhale chitsulo.

Patapita zaka 35, m'chaka cha 2014, kampani ya Creative Assembly ya ku Horsham ku England inapanga masewera otsata filimuyi, ndipo kampani ya Sega ndiyo inawagulitsa. Poyamba anali a pa kompyuta ndi pa makina a PlayStation ndi Xbox. A pa foni anabwera mu 2021. Wosewera amakhala Amanda Ripley, mwana wamkazi wa Ellen uja. Papita zaka 15 chisowere mayi ake, ndipo palibe amene wamuuza zoona zake. Tsiku lina amva kuti kabokosi kosunga mawu a m'chombo cha Nostromo kapezeka, ndipo kali ku Sevastopol, siteshoni yaikulu yoyandama m'mlengalenga momwe anthu amakhala ndi kugwira ntchito. Akuluakulu anati mako ndi mako, tsono Amanda anyamuka. Afika napeza magetsi akuthimathima, zitseko zili zokhomedwa, anthu otsala akuopana okhaokha, ndipo chilombo chonga chija chikuyendayenda m'katimo.

Lamulo lalikulu la masewerawa ndi ili: chilombocho simungachiphe. Mfuti ilipo, koma mukachiwombera mwangochiitana. Simungachipose liwiro, ndipo chikakugwirani kamodzi kokha mwafa. Chotero ntchito yanu ndi kuchoka m'chipinda china kufika m'chipinda china, kukatsegula chitseko kapena kukayatsa makina, chilombocho osakuonani. Mumayenda chowerama kuti mapazi asamveke. Mumalowa pansi pa tebulo kapena m'kabati yachitsulo yonga maloka athu a kuhositelo. Chikafika nkuyamba kununkhiza pa chitseko cha kabatiyo, muyenera kutsamira kumbuyo ndi kugwira mpweya kufikira chitachoka. Ndiponso pali adani ena: anthu amantha okhala ndi mfuti, ndi maloboti otchedwa Working Joes amene amayenda mosafulumira koma satopa.

Zothandizira zilipo, ngakhale chilichonse chili ndi vuto lake. Pali kachipangizo kam'manja kamene kamaonetsa kadontho ndi kulira pamene chinthu chikuyenda pafupi. Koma chilombo chikaima chilili kadonthoko kamazimirira, ndipo chikakhala pafupi kwambiri chimamva kulira kwa kachipangizoko. Mungathe kutola zidutswa za zitsulo ndi mawaya nkupanga kanthu kaphokoso, nkukaponya kutali kuti chilombo chithamangire kumeneko inu mukudutsa. M'tsogolo mwa masewera mumapeza chida cholavula moto. Moto umachithamangitsa kwa kanthawi, koma mafuta ake ndi ochepa ndipo chimabweranso. Muyeneranso kuyang'ana kudenga, pakuti chilombocho chimabisala m'mipaipi yodutsa mpweya, ndipo mukaona dovu likuchucha kuchokera pa bowo musadutse pansi pake.

Pamene ndinamvetsa malamulo amenewa ndinaona kuti ife a kuno kwa Njombwa masewera otere tinawayamba kale, tisanaone foni. Ndani mwa ife sanasewereko zobisalirana pa mwezi woyera, wina kuseri kwa nkhokwe, wina m'chigafa pakati pa mikako ya fodya? Tonse tikudziwa kuti amene amayamba kupezeka ndi uja wosakhazikika, amene amasuzumira nthawi isanakwane kapena kuphulika ndi phwete. Tikudziwanso kuti malo abwino obisalapo sakhala abwino kawiri, chifukwa wofunayo amayambira pomwe anakupeza dzulo. Alenje akale anali ndi nzeru yomweyi. Pozembera nyama ankawaza phulusa kapena fumbi kuti aone kumene mphepo ikulowera, nayenda moti fungo lawo lisapite kwa nyamayo. Anzathu okhala m'malire a nkhalango ya Kasungu, kumene anabweretsako njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, akudziwa bwino kuti njovu siiona patali koma imamva ndi kununkhiza kwambiri, ndi kuti munthu salimbana nayo ndi mphamvu. Kwa iwo si masewera ai, ndi nkhani ya moyo ndi chimanga cha m'munda.

Tsono funso limene anzanga a phunziro la kompyuta amafunsa ndi lakuti: chilombo cha m'makina chimadziwa bwanji kusaka munthu? M'masewera ambiri mdani amayenda njira imodzimodzi, kotero kuti ukafa kangapo umaloweza nkudutsa. Amisiri a Creative Assembly sanafune zimenezo, ndipo anapanga nzeru ziwiri zogwira ntchito pamodzi. Nzeru yoyamba ili ngati kapitawo. Iyo imadziwa nthawi zonse pamene wosewera ali, koma siiuza chilombo malo enieniwo, imangochilozera dera, monga munthu wouza wofuna uja kuti, "Kayang'aneni cha kuzigafa." Nzeru yachiwiri ndi ya chilombo chenichenicho. Icho chikafika m'deralo chiyenera kukupezani chokha ndi maso ndi makutu ake. Chikamva chitseko chikutseguka kapena mapazi othamanga chimapita kukafufuza.

Kapitawo uja ali ndi ntchito inanso. Amayesa kutalika kwa nthawi imene chilombo chakhala pafupi ndi wosewera. Akaona kuti chapanikiza kwambiri, amachituma kuti chikwere m'mipaipi chipite kutali, wosewerayo apumeko ndi kupitiriza ulendo. Amisiriwo anadziwa kuti mantha osalekeza amasanduka kutopa, munthu nkuzimitsa makina. Kuwonjezera apo, makhalidwe ena a chilombo amakhala otsekedwa poyamba, namatseguka pamene masewera akupitirira ndi monga momwe wosewera akuchitira. Mukazolowera kubisala m'makabati, chimayamba kufufuza m'makabati. Nchifukwa chake wosewera amaona ngati chikuphunzira, ngakhale zonsezo ndi malamulo amene anthu analemba.

Chinthu china chowonjezera mantha ndi kasungidwe ka pamene mwafika. Masewera ambiri a masiku ano amadzisungira okha kawirikawiri. M'masewera awa muyenera kupeza bokosi longa telefoni la pakhoma, kulowetsamo khadi, ndi kudikira masekondi angapo mutafulatira chipinda chonse. Chilombo chingathe kukugwirani pomwepo, ndipo mukafa mubwerera ku bokosi lomaliza limene munasungirapo. Apa ndi pamene mtima umayesedwa. Bokosi mukuliona uko kumapeto kwa khonde, mtima ukuti thamanga, koma kuthamanga sikufika. Amene ayembekeza kufikira phazi la chilombo litamveka kutali ndiye amafika.

Ena angaganize kuti masewera ozemberana ndi achilendo, koma anayamba kale. Mu 1987 mnyamata wa ku Japan, Hideo Kojima, anapatsidwa ntchito ndi kampani ya Konami yopanga masewera a nkhondo pa kompyuta yotchedwa MSX2. Kompyutayo inali yofooka, yosatha kuonetsa adani ndi zipolopolo zambiri nthawi imodzi. Iye anatembenuza nkhani, napanga masewera a Metal Gear momwe msilikali amapewa kuonedwa m'malo momenya nkhondo. Chotero kuchepa kwa mphamvu ya makina ndiko kunathandiza kutchukitsa mtundu wonse wa masewera amenewa.

Kunena zoona, mu Alien: Isolation makutu amagwira ntchito kuposa maso. Kulira kwa chitsulo kudenga kumakuuzani kuti chilombo chili m'mipaipi; kugunda kwamphamvu kumakuuzani kuti chatsika. Nkosadabwitsa kuti mu 2015 masewerawa analandira mphotho ya BAFTA ku Britain chifukwa cha kakonzedwe ka mawu ake. Pa makina ena a PlayStation ndi Xbox okhala ndi kamera yomva mawu, wosewera angathe kusankha kuti chilombo chizimva phokoso la m'nyumba mwake momwe. Tangoganizani kusewera motero kwathu kuno, tambala ali pakhomo ndi mbuzi zikulira m'khola!

Ndisanamalize ndiyenera kunena mawu atatu a chenjezo, pakuti aphunzitsi athu nawonso awerenga nkhaniyi. Choyamba, ku Ulaya masewerawa anawaika m'gulu la anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo, chifukwa muli zoopsa ndi magazi. Azing'ono athu a Folomu 1 ndi 2 adikire, ndipo ife akuluakulu tisawaonetse. Chachiwiri, amadya ndalama. Ndi ogula, amafuna foni yamphamvu ya malo aakulu, ndipo kuwatsitsa pa intaneti kumatha bandulo yambiri. Batire nayo siichedwa kutha, ndipo panyumba pamene sola ndi imodzi, foni yofunika pa matenda kapena pa malonda a fodya siyenera kuthera moto pa chilombo chopeka. Chachitatu, kuwamaliza kumatenga maola pafupifupi 20. Maola amenewo ndi okwanira kubwereza mitu ingapo ya masamu, ndipo mayeso a MSCE alibe bokosi lobwererapo mukalephera. Ndi masewera a pa tchuthi, ntchito ya kumunda itatha.

Komabe ine ndikuti muli phunziro m'masewerawa. Makolo athu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo nzodabwitsa kupeza kuti amisiri a ku Horsham anamanga ntchito ya zaka zingapo pa nzeru yomweyo. Kwa anzanga amene mukuphunzira kompyuta, taganizirani za nzeru ziwiri zija, kapitawo ndi chilombo. Si matsenga ai; ndi malamulo olembedwa mwadongosolo, ofanana ndi amene timayamba kuphunzira m'kalasi. Nkhani zoti tipangire masewera tili nazo zambiri. Mwina tsiku lina mmodzi wa ife adzapanga masewera a mlonda wa munda amene ayenera kubwerera kumudzi usiku, njovu zili m'chimanga, ali ndi tochi ndi phulusa lodzaza dzanja basi. Ameneyo akadzawapanga, ine ndidzakhala woyamba kupempha kuti ndiwayese.