Feargal Sharkey: Mnyamata wa Punk Amene Anagwedeza Msika wa Pop

Mu November 1985, nyimbo yotchedwa "A Good Heart" inakhala pa nambala 1 kwa milungu iwiri pa m'ndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Inali nyimbo yachikondi yosalala bwino, ya makiyibodi ndi oimba othandizira kumbuyo, yoti agogo ndi adzukulu n'kumvera limodzi pa wailesi. Chodabwitsa chinali mwini mawuwo. Feargal Sharkey anthu ankamudziwa ngati mnyamata wa gulu la punk la The Undertones, lomwe nyimbo zake zinali zaphokoso ndi zothamanga.

Punk inabuka chapakati pa zaka za m'ma 1970 ku New York ndi ku London, ndi magulu monga Ramones, Sex Pistols ndi The Clash. Achinyamatawa anatopa ndi akatswiri a rock oimba nyimbo zazitali zongoonetsa luso. Iwo ankati aliyense wodziwa kugwira gitala pang'ono angathe kuyambitsa gulu, ndipo nyimbo ikatha mphindi ziwiri kapena zitatu, basi yakwana.

Sharkey anabadwa mu 1958 mumzinda wa Derry ku Northern Ireland, ndipo anakula pa nthawi ya ziwawa, asilikali a Britain ali ponseponse m'misewu. Gulu la Stiff Little Fingers la ku Belfast linkaimba za mavutowo mosabisa. The Undertones anasankha njira ina: ankaimba za atsikana, za kusungulumwa ndi za mikangano ya pachibale. Mu 1978 anajambula "Teenage Kicks" pansi pa kampani yaing'ono ya Good Vibrations ya Terri Hooley. Muulutsi wa BBC John Peel anaikonda mpaka kuiika kawiri motsatizana pa pulogalamu yake, ndipo posakhalitsa kampani ya Sire inasainirana nawo mgwirizano.

Mbewu ya pop inali kale m'gululi. Pansi pa phokoso la magitala panali nyimbo zosavuta kuloweza, monga "My Perfect Cousin" yomwe inafika pa nambala 9 mu 1980. Komanso Sharkey sanali wopeka nyimbo wa gululi. Ntchito imeneyo kwenikweni inali ya John O'Neill, mothandizana ndi mng'ono wake Damian ndi Michael Bradley. Chuma cha Sharkey chinali kukhosi: mawu okwera, onjenjemera, oti munthu akangowamva kamodzi sangawasokoneze ndi a wina.

Chimbale chachinayi, The Sin of Pride, chinapendekera ku soul koma sichinayende malonda. Mu 1983 gululo linatha.

Woimba wosapeka nyimbo akatsala yekha amafunika anthu omupatsa zoimba, ndipo Sharkey anadziwa kusankha. Chaka chomwecho anagwirizana ndi Vince Clarke, katswiri wa makiyibodi yemwe anali atachokera ku magulu a Depeche Mode ndi Yazoo. Pansi pa dzina loti The Assembly anatulutsa "Never Never", yomwe inafika pa nambala 4. Mu 1984 anyamata a gulu la Madness anamuimbira zida mu "Listen to Your Father", yotuluka ku kampani yawo ya Zarjazz.

Kenako kunabwera chimbale chake choyamba, chotchedwa dzina lake lomwe, chimene kampani ya Virgin inatulutsa mu 1985. Anachikonza ndi Dave Stewart wa Eurythmics, yemwe pa nthawiyo ankadziwa bwino zimene mawailesi akufuna. "A Good Heart" inapekedwa ndi Maria McKee, mtsikana wa ku America wa gulu la Lone Justice, ndipo inakafikanso pa nambala 1 ku Ireland ndi ku Australia. Yotsatira yake, "You Little Thief", inali ya Benmont Tench, woimba kiyibodi m'gulu la Tom Petty, ndipo inafika pa nambala 5. Stewart anachotsa magitala okalipa n'kuika ng'oma zomveka mwaudongo ndi zida zamagetsi, koma kunjenjemera kwa mawu kuja sanakukhudze. N'chifukwa chake nyimbozi, ngakhale zinali zopukutidwa chonchi, zinkamvekabe ngati za munthu amene mtima ukumupwetekadi.

Sikuti Sharkey anali yekha pa ulendo wochoka ku punk kupita ku pop. Billy Idol anachoka ku Generation X n'kukatchuka ku America kudzera pa MTV, pamene Pete Shelley wa Buzzcocks anatulutsa chimbale cha makiyibodi, Homosapien, mu 1981. Abale a O'Neill aja anapita kwina: anayambitsa That Petrol Emotion, gulu la magitala olusa lomwe silinkaopa kukamba zandale.

Msika wa pop suchedwa kutembenuka. Chimbale chachiwiri, Wish, cha 1988, sichinagulidwe ngati choyamba. Chachitatu, Songs from the Mardi Gras, chinatuluka mu 1991 ndipo nyimbo yake "I've Got News for You" inafika pa nambala 12. Apa Sharkey anasiya kujambula n'kulowa mu ofesi. Anagwira ntchito yosaka oimba atsopano ku Polydor, anakhala m'bungwe loyang'anira mawailesi la Radio Authority, ndipo kuchokera mu 2008 mpaka 2011 anali mkulu wa UK Music, bungwe loyankhulira makampani ndi oimba a ku Britain. The Undertones atabwererana mu 1999 iye sanapite nawo, ndipo malo ake anatenga Paul McLoone.

Mu 2019 analandira ulemu wa OBE chifukwa cha ntchito yake pa zoimba. Masiku ano Sharkey, yemwe amakonda kuwedza nsomba, amamveka kawirikawiri pa mawailesi ndi pa kanema ku Britain akudzudzula makampani a madzi chifukwa chotayira zonyansa za m'zimbudzi m'mitsinje ya ku England.