CIMBALE CA PAUL NGOZI CAUKANSO PATAPITA ZAKA 47

MKAIKA, Katete: Acikulire a kuno ku Mkaika, ku Sinda ndi ku Vubwi amene anali anyamata m'zaka za m'ma 1970 akali kukumbukira kulira kwa gitala ya Paul Ngozi pa wailesi. Ambiri a iwo sanamve kuti cimodzi ca zimbale zace cachukanso, ndipo tsopano cachukira kutsidya kwa nyanja.

Dzina lace leni-leni anali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa m'caka ca 1949 nakulira mu Lusaka. Nthawi imene Mtsogoleri Kenneth Kaunda analamula kuti wailesi ya dziko iziulutsa makamaka nyimbo za m'Zambia momwe muno, oimba athu anapeza mpata, ndipo Paul sanacedwe. Gulu lace la Ngozi Family, m'mene Chrissy Zebby Tembo anali kuomba ng'oma, linatulutsa cimbale ca Day of Judgement mu 1976. Mu 1977 munatuluka cina cochedwa 45,000 Volts, cimene anakajambulitsa ku Nairobi m'dziko la Kenya.

Anyamata anacilandira ndi manja awiri. Gitala yace inali yaukali, yolira mosasa mau ngati mphero yogaya cimanga couma, ndipo mwini wace pa bwalo anali kuiimba ngakhale ndi mano. Koma si onse anakondwa. Kwa munthu woleredwa pafupi ndi likulu la Kalonga Gawa Undi, kumene Cicewa cimalankhulidwa cozama, Cinyanja ca Paul cinali ca m'tauni, codula-dula. Taonani dzina la nyimbo ina ya m'cimbaleco: Nizakupanga Ngozi. Wa ku Mkaika akanati "ndidzaku-", osati "nizaku-". Komabe nkhani ya m'nyimboyo, ya mlendo wobwera ndi miseche pakhomo pa mnzace, palibe wa kumudzi amene akanalephera kuimva, ndipo apa ndi pamene panagona mphamvu ya Paul.

Kenaka zinthu zinasintha. Cuma ca dziko cinalowa pansi mkuwa utatsika mtengo, nyimbo za kalindula ndi za disiko zinatenga malo, ndipo Paul anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40. Zimbale zace zinasowa m'masitolo.

Pakati pa amene anazifukula pali kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, imene inasindikizanso Day of Judgement mu 2014, kenakanso 45,000 Volts. Olemba za nyimbo ku America ndi ku Ulaya anamuyerekeza Paul ndi Jimi Hendrix ndiponso gulu la Black Sabbath. Codabwitsa ndi cakuti kukhakhala kwa mau kuja, kumene kunali kumveka ngati phokoso m'makutu a makolo, ndiko anakutamanda koposa. Kuyerekezako kuli ndi coona cace, koma kukusiya mbali yaikuru, pakuti olembawo akumva gitala yokha. Miseche ija saimva.

Mu October 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga cigawo ca Nizakupanga Ngozi naciika m'nyimbo yace yochedwa Noid. Cimbale cace ca Chromakopia cinakhala coyamba pa mndandanda wa Billboard, ndipo mau a Cinyanja a Paul anamveka kwa anthu miyanda-miyanda. Kuno kwathu, msewu wina wa ku Kabwata mu Lusaka umachedwa ndi dzina lace, ndipo adzukulu a anyamata aja a 1977 akumumvera pa foni.